Muzura, Machiavelli ndi Sikelo ya al-Maghili

Ambiri amene timadutsa pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima kulowera ku Golomoti sitikumbukira kuti pafupi ndi Mtakataka, pa Mankhamba, panali likulu la ufumu wa Maravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi, mapale a mbale za ku China, mkuwa ndi zidutswa za minyanga ya njovu, ndipo anazifotokoza m'buku lake la 2020. Kalonga wa pa Mankhamba sanali mfumu yongoweruza milandu ya nkhuku ndi minda. Malonda ake ankafika kunyanja yamchere, ndipo mafunso amene ankavutitsa mafumu a ku Ulaya ndi a maiko a Chisilamu ankamufikanso iye: kodi mfumu iweruzidwe ndi kupambana kwake, kapena ndi njira imene yapambanira?

Mfumu ya Maravi imene Apwitikizi analemba zambiri za iyo ndi Muzura, yemwe akatswiri ambiri amati anali Kalonga. Mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi pa nkhondo ya Mwenemutapa Gatsi Rusere. Mu 1616 analandira Gaspar Bocarro, amene ankachokera ku Tete kupita ku Kilwa. Mu 1622 anaitanitsa ngongole yake: Apwitikizi anamuthandiza kugonjetsa Lundu, Mphiri mnzake wa kuchigwa cha Shire. Zaka khumi zisanathe anawatembenukira abwenzi akewo nazinga Quelimane mu 1631, koma chaka chotsatira anagonja.

Niccolò Machiavelli wa ku Florence, amene analemba Il Principe mu 1513, akanamumvetsa Muzura msanga. Iye ankaphunzitsa kuti wolamulira asadzimange ndi lonjezo limene lasiya kumupindulira, ndiponso kuti kuoneka wokhulupirika n'kofunika kuposa kukhaladi wokhulupirika. Koma tisamunamizire. Machiavelli yemweyo anachenjeza za kubwereka ankhondo a mfumu ina, chifukwa akagonja wagonja nawo, akapambana wasanduka wandende wawo. Choncho akanamudzudzula Muzura pa za 1622, osati poti anaitanira mlendo m'bale wake, koma poti kunali kuwerengera molakwika. Pa sikelo yake tchimo la mfumu ndi limodzi lokha, kulephera.

Zaka pafupifupi makumi awiri Machiavelli asanalembe, Shehe Muhammad al-Maghili wa ku Tlemcen anali atalembera malangizo Muhammad Rumfa, mfumu ya Kano. Ophunzira athu ambiri amalidziwa dzina la ku Florence koma la shehe uyu ayi, ndipo mlandu wake ndi wathu aphunzitsi. Al-Maghili sanali munthu wofewa, analamula mfumu kukhala ndi asilikali, azondi ndi alonda. Kusiyana kwake kuli pa phata. Kwa iye ufumu ndi amana, katundu wosungitsidwa amene Allah adzamufunsa, monga ikulamulira Surat an-Nisa ndime 58 za kubweza zosungitsidwa kwa eni ake ndi kuweruza mwachilungamo. Mutu uliwonse wa malangizowo amautseka ndi chenjezo limodzimodzi, lakuti tsoka lalikulu ndi mfumu yodzibisa kwa anthu ake. Ngakhale pa nkhondo fiqhi imamanga manja a wolamulira: Surat al-Anfal ndime 58 imalola kuthetsa pangano ukaopa chinyengo cha mdani, koma ulithetse poyera, mdaniyo akudziwa.

Sitikumuika Muzura pa bwalo la kadhi. Sanali Msilamu, ndipo Apwitikizi amene anawaukira anali alendo ofuna golide ndi dziko la eni. Chimene tikuona n'chakuti Amaravi nawonso sankavomereza kuti mphamvu imadziyeretsa yokha. Kalonga ankachokera ku mtundu wa Aphiri, m'mimba ya Nyangu, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa Abanda, eni nthaka ndi mapemphero a mvula. Zikhulupiriro za pa kachisi sitigwirizana nazo, tauhidi yathu ndi yodziwika. Koma nzeru yakuti pakhale anthu amene mfumu siingawachotse, omwe angathe kuiuza kuti apa ayi, ili pafupi ndi al-Maghili kuposa Machiavelli. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo anaika mwambiwu m'dongosolo la boma.

Apa nkhani ikulowa m'nyumba mwathu. Kalonga womaliza, Sosola, anaphedwa m'zaka za m'ma 1860 pomenyana ndi Ayao amene ankalowa m'dera la kummwera kwa nyanja. Patangopita zaka zochepa, cha m'ma 1870, Makanjira wa kutsidya la nyanja analowa Chisilamu, ndipo mafumu ena a Chiyao anatsatira. Anaitana amwalimu ochokera kugombe la Aswahili, anamanga mizikiti, ana anayamba kuwerenga Qur'an. Madrasa ambiri a kuno amayala mphasa pa maziko amenewo, ndipo sitingakane. Koma chuma cha mabwalo omwewo chinkachokera ku minyanga ndi anthu, ogwidwa m'midzi ya Achewa ndi Amang'anja, kuwolotsedwa pa zombo n'kuyendetsedwa mpaka ku Kilwa.

Tikamaphunzitsa gawo limeneli, m'kalasi simulephera kupezeka wina wonena kuti popanda mfuti ndi chuma chimenecho Chisilamu sichikanazika mizu kuno. Timamuyankha mwachikondi kuti mwana wathu, amene walankhula m'kamwa mwakomo ndi Machiavelli, ngakhale wavala mkanjo. Ukaloleza njira chifukwa cha zipatso zake, wasiya sikelo ya fiqhi. Hadisi ya mu Sahih al-Bukhari imatchula wogulitsa mfulu n'kudya mtengo wake pakati pa anthu atatu amene Allah adzatsutsana nawo pa Tsiku la Kiyama, ndipo mayi wogwidwa kudimba kwake m'chigwa cha Bwanje anali mfulu, wosamenya nkhondo ndi aliyense. Machiavelli akanamutama Makanjira kufikira m'zaka za m'ma 1890, pamene asilikali a Harry Johnston anamugonjetsa. Al-Maghili akanayamba kumufunsa tsiku limene chombo choyamba chinanyamuka padoko.