Moto wa Kum'mawa: mbiri ya makala, mafuta ndi magetsi ku Petauke ndi Nyimba

Munthu wochokera ku Lusaka pa msewu waukulu wa Great East, akawoloka mlatho wa Luangwa, nakwera mapiri okhotakhota a ku Kacholola, natsikira ku Nyimba kumene amayi amathamangira basi ndi malichero a nthochi, sangalephere kuona matumba a makala oimikidwa m'mphepete mwa msewu, ataliatali, osokedwa mitu ndi luzi, akudikira malole opita ku likulu. Ku Lusaka akuluakulu a boma, a mabungwe ndi a masukulu aukachenjede amakangana masiku ano za mphamvu imene dziko liyenera kudalira, kaya ndi madzi, dzuwa, mafuta kapena malasha a mumgodi. Koma pamene iwo akukangana, nsima ya anthu ambiri a mumzindawo ikuphikidwa ndi mitengo ya m'maboma onga Nyimba ndi Petauke. Nkhaniyi inayamba kale, ndipo tiyenera kuitsata bwino tisanaloze munthu chala.

Makala si achilendo m'dziko la Ansenga. Azungu asanafike, anthu a m'dera lino ndi abale awo a ku Maravi anali kusungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo moto wokhoza kusungunula mwala sunali wa nkhuni wamba, koma wa makala a mitengo yolimba, wokolezedwa ndi mvukuto. M'ng'anjomo munatuluka makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi. Chimene tiyenera kuchisunga mumtima n'chakuti makala a nthawi imeneyo anali a mmisiri wa chitsulo. Mayi wa pakhomo anali kuphikira nkhuni zouma zotola m'thengo, pa mafuwa atatu, ndipo msitu wa kumanda panalibe wolimba mtima kuulowetsa nkhwangwa. Anthu anali ochepa, tchire linali lalikulu, ndipo munda wosiyidwa unali kubwerera kukhala nkhalango mwini wake asanakalambe.

Ulamuliro wa atsamunda unabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo msonkhowo unatulutsa amuna m'midzi kukafuna ndalama ku migodi ndi m'mapulazi a ku Southern Rhodesia. M'dziko limenelo munali mgodi wa malasha wa Wankie, umene unali kudyetsa sitima za pamtunda ndi ng'anjo za mkuwa za ku Copperbelt, ndipo mwa anthu 427 amene anafera m'mgodiwo pa ngozi ya pa 6 June 1972 munali ana a Zambia ambiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene njanji inalephera kufikitsa malasha okwanira, makampani a mkuwa anagwetsa nkhalango za ku Copperbelt kuti asonkhere moto wa makina awo. Potero anthu a dziko lino anaona koyamba kuti mphamvu ina ikasowa, mtengo ndiwo umalipira. Kum'mawa kuno zimene zinafika m'mudzi zinali palafini wa m'botolo ndi koloboyi wa utsi, zobwera pa msewu umene mlatho wake woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Ngakhale damu la Kariba, limene linatha kumangidwa mu 1959 litasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'chigwa cha makolo awo, linatumiza magetsi ake ku migodi ndi m'matauni a m'mbali mwa njanji. Kum'mawa kuno, kwa mafumu Kalindawalo ndi Ndake, anangomva mbiri yake.

Phunziro lowawa la kudalira mafuta a kunja linadza Zambia ali khanda la chaka chimodzi. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia, ndipo chaka chisanathe njira ya mafuta ya kum'mwera inatsekeka. Boma la Kenneth Kaunda linayamba kugawa petulo moyeza. Migolo ina inabwera pa ndege, ina pa malole ochokera ku Dar es Salaam pa msewu wamatope umene madalaivala anautcha Hell Run, ndipo ina inatsitsidwa pa njanji ku Salima, ku Malawi, nidutsa Fort Jameson (Chipata wa lero), Petauke ndi Nyimba kulowera ku Lusaka. Mwa chipsinjo chimenecho munabadwa ntchito zazikulu zimene tikudyerabe: paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968; fakitale yoyenga mafuta ya Indeni mu 1973; mgodi wa malasha wa Maamba wolowa m'malo mwa Wankie; kampani ya magetsi ya ZESCO mu 1970; ndi makina a magetsi a ku Kafue Gorge ndi a ku gombe la kumpoto la Kariba. Amene anachita zimenezi ayenera ulemu, pakuti anaombola dziko m'manja mwa mdani. Komabe maso awo anali pa mkuwa ndi pa mizinda, ndipo funso la chimene mayi wa ku Chawama mu Lusaka kapena wa ku Minga ku Petauke adzaphikira silinafike pa tebulo lawo.

Chigawo cha Kum'mawa chinapatsidwa gawo la mwana womaliza. Kwa zaka zambiri magetsi ake anali kuchokera ku siteshoni yaing'ono ya Lusiwasi, ya mamegawati 12, m'boma la Serenje, kudzera pa waya wowoloka chigwa cha Luangwa kufika ku Msoro. Anali okwanira kuunikira maofesi a boma, zipatala, masitolo ndi nyumba za ogwira ntchito, koma chilimwe chikakula anali kuphethiraphethira. Lamulo lokhazikitsa bungwe lofikitsa magetsi kumidzi la Rural Electrification Authority linadza mu 2003, ndipo waya wamphamvu wa 330 kV wochokera ku Pensulo kudzera ku Msoro unafika ku Chipata pakati pa zaka za m'ma 2010. Ngakhale zili choncho, munthu akapatuka pa msewu wa tala nalowa m'midzi ya kwa Mumbi, kwa Mwanjawanthu, kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe, adzapeza kuti mabanja ochuluka sanayatsepo babu la ZESCO chibadwire.

M'zaka zomwezo Lusaka anali kufutukuka, ndipo makomboni a Kanyama, Chawama, Mtendere ndi Kalingalinga anadzaza anthu amene analibe thengo lotolamo nkhuni, ngakhale ndalama yogulira chitofu cha magetsi. Mbaula inakhala mafuwa a m'tauni. Nkhalango zoyandikana ndi mzinda zitachepa, amalonda anatsata misewu ikuluikulu, ndipo msewu wa Kum'mawa unawatsogolera kutsidya kwa Luangwa. Kumudzi nako zinthu zinali zitasintha: bungwe la boma logula mbewu la NAMBOARD linathetsedwa mu 1989, ndipo boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 thandizo la feteleza ndi msika wotsimikizika wa chimanga zinafooka, kotero kuti mlimi wa mtedza ndi thonje, amene amalandira ndalama kamodzi pachaka, anafunikira chinthu china chogulitsa m'miyezi ya njala.

Amene sanaotchepo makala asaganize kuti ndi ndalama ya ulesi. Mwamuna amagwetsa mombo kapena tsanya, naduladula zipika, naziunjika mwaluso, nazifunditsa udzu ndi dothi, nayatsa pakamwa pa uvuni, ndipo kwa masiku ndi mausiku ambiri amalondera utsi, kutseka ming'alu imene ingalowetse mphepo ndi kusandutsa thukuta lake lonse phulusa. Pa kulemera kwa mitengo yolowa m'uvuni wadothi, chotulukamo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena kuchepera apo. Akafukula, mkazi ndi ana amathandiza kutola ndi kulonga, njinga kapena ngolo imafikitsa matumba ku msewu, ndipo pamenepo mtengo amaunena ndi mwini lole, amene kumzinda akagulitsa thumba lomwelo mowirikiza. Wootchayo amatsala ndi chifuwa, msana wopweteka, ndi ndalama ya yunifolomu ya mwana ndi ndowa ya chimanga.

Kenaka madzi anayamba kutinamiza. Popeza magetsi opitirira magawo 80 pa 100 a dziko lino akhala akuchokera ku mitsinje, mvula ikavuta dziko lonse limagwa mumdima. Zinatero mu 2015, zinabwereza mu 2019, koma chaka cha 2024 chinaposa zonse. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko. Pofika September nyumba zambiri zinali kukhala maola 21 pa tsiku popanda magetsi, ndipo pa makina asanu ndi limodzi a Zambia ku Kariba, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira. Apa mpamene ndikufuna owerenga aimirire pang'ono. Chilala chimodzi chomwecho chinachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: ku Lusaka chinazimitsa chitofu cha mphunzitsi, namwino ndi kalaliki, nichiwatumiza kukagula mbaula, ndipo ku Petauke ndi Nyimba chinaumitsa chimanga chisanabereke, nichisiya mlimi alibe chogulitsa koma mtengo. Njala ya kumudzi ndi mdima wa m'tauni zinakumana pa nkhwangwa, ndipo ine sindiona chilungamo poitana mlimi yekha kudzayankha mlandu umene onse awiri anaukonza.

Mkangano wa lero uli ndi mbali ziwiri zomveka. Ena akuti dziko losauka, limene utsi wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa maiko olemera, lisachite manyazi kutentha malasha ake. Amaloza siteshoni ya Maamba ya mamegawati 300, imene inayamba ntchito mu 2016 ndipo siidikira mvula, nakondwera kuti mu August 2024 ntchito yowonjezera mamegawati ena 300 inayambika. Ena akuti walira mvula walira matope: malasha amadetsa mpweya ndi madzi a anthu a ku Sinazongwe kumene kuli Maamba, amawonjezera kutentha kwa dziko kumene kwaumitsa Kariba, ndipo amamanga dziko ku ngongole ya zaka makumi; iwo amaloza minda ya sola ya Bangweulu ndi Ngonye ku Lusaka, ya mu 2019, ndi wa mamegawati 100 wa ku Chisamba wotsegulidwa mu 2025. Za mafuta a galimoto palibe wotsutsa kuti tikadali akapolo: Indeni inaleka kuyenga, paipi ya TAZAMA tsopano imanyamula dizilo woyengeratu, ndipo chichotsereni thandizo la boma pa mtengo wa mafuta mu December 2021, mwini chigayo ku Nyimba amamvetsera wailesi kuti adziwe mtengo umene adzagayitsira mawa.

Kumudzi dzuwa lapambana kale m'zinthu zing'onozing'ono, popanda msonkhano uliwonse. Kasola ka padenga la udzu kachotsa koloboyi, kamatchaja foni ndi kuyatsa wailesi. Zigayo zoyendera dzuwa zinagawidwa ku makopaletivu m'nthawi ya Pulezidenti Edgar Lungu. Ku Sinda, pafupi ndi Petauke, kampani ya Muhanya Solar inaika kasiteshoni kogawira nyumba za m'mudzi, ndipo ENGIE inachita chimodzimodzi ku Chitandika mu 2019. Ndimakondwera nazo ndi mtima wonse, ndipo pa mkangano wa malasha ndi dzuwa ndili kumbali ya dzuwa. Koma kuunika ndi kuphika ndi zinthu ziwiri. Kasola koyatsa mababu anayi sikangaphike nyemba, ndipo magetsi a Maamba kapena a Chisamba sadzachotsa mbaula m'nyumba imene mwini wake sakhulupirira kuti adzayaka pa ola la chakudya. Gasi wa m'zitini, amene boma ndi mabungwe akulimbikitsa, amapulumutsadi mitengo, koma nayenso ndi mafuta ofukulidwa pansi, ogulidwa kunja ndi madola, ndipo banja losauka limagula makala a tsiku limodzi m'kajumbo chifukwa lilibe ndalama yodzazira chitini cha mwezi.

Pa ndale za nkhalango, Nyimba wakhala bwalo loyeserapo nzeru zambiri. Kuyambira 2012 bungwe la CIFOR, mothandizidwa ndi USAID, linaphunzitsa anthu a m'midzi ya kumeneko kuyeza ndi kuwerengera mitengo yawo pa ntchito yotchedwa Nyimba Forest Project. COMACO, imene inayambitsidwa ndi Dale Lewis, imagula mtedza, soya ndi uchi kwa alimi olonjeza kusiya misampha ndi mauvuni, niwaphunzitsa kubzala gilisidiya, amene masamba ake ndi manyowa ndipo nthambi zake ndi nkhuni. Lamulo la nkhalango la 2015 linalola midzi kulembetsa misitu yawo ndi kuiyang'anira yokha, ndipo kampani ya BioCarbon Partners inapangana ndi mafumu a m'chigwa cha Luangwa, kuphatikizapo Luembe ndi Nyalugwe, kuti mitengo isiyidwe ili chiimire, ndipo makampani a kunja otulutsa utsi alipire chifukwa cha mpweya umene mitengoyo imasunga. Ndalama zotere zimapita ku zitukuko za gulu, monga mijigo ndi masukulu, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma mutu wa banja amene mwana wake wabwezedwa kusukulu amakumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndiponso pali funso limene mwana wa Nsenga ali nalo ufulu wolifunsa, lakuti chifukwa ninji iye aleke nkhwangwa kuti wa kutsidya kwa nyanja apitirize kutentha mafuta.

Boma, kudzera mu unduna wa Green Economy and Environment umene unakhazikitsidwa mu 2021, linaimitsa zilolezo zootchera makala m'maboma a Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi mu April 2024. Cholinga chake chinali choyera, pakuti chiwerengero chimene chakhala chikutchulidwa kwa zaka zambiri n'chakuti dziko limataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pachaka, ngakhale kuti gawo lalikulu la chitayikocho ndi la kutsegula minda yatsopano. Koma chiletso cha m'maboma atatu sichichepetsa miphika ya ku Lusaka, ndipo mwini lole amene watsekeredwa kumadzulo amadziwa njira ya kum'mawa.

Chimene chimandilimbitsa mtima ndi chikhalidwe cha mitengo yathu yomwe. Mombo ndi anzake akadulidwa samafa. Chitsa chimaphuka, ndipo malo ootchedwapo makala, akatetezedwa ku moto wolusa wa mu October, ku khasu ndi ku nkhwangwa yobwerera msanga, amabwerera kukhala msitu m'zaka makumi awiri kapena atatu. Kotero mudzi wokhala ndi msitu wolembetsedwa ukhoza kuugawa m'zigawo, kudula chimodzi pamene zina zikupuma, kuotcha m'mauvuni osawononga mitengo yambiri, ndi kugulitsa pamodzi pa mtengo wonenedwa ndi eni ake. Zimenezi zimafuna kuti wina asunge chigawo chopumacho zaka zonsezo osachigawira mlendo wofuna munda, ndipo popeza nthaka ya kumeneko ili m'manja mwa mafumu, ntchitoyo idzayambira pa mabwalo a Kalindawalo, Nyamphande, Ndake, Mwape ndi nyakwawa zawo, pamodzi ndi alangizi a nkhalango a ku boma, amene lero ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa dera limene apatsidwa.