Miyala ya m'wotchi ya agogo

M'midzi yozungulira dambo la Limphasa, kumene anthu amadalira mpunga, muli mabanja amene akusungabe wotchi yapamkono imene agogo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Zambiri zinaima kalekale, galasi linachita chifunga, lamba anaduka. Komabe mphekesera imati m'kati mwake muli miyala ya ndalama zankhaninkhani, poti pankhope pake panalembedwa kuti "17 jewels". Ine ndikukayika.

Atonga anayamba msanga maulendo akummwera. Sukulu za mishoni ya Bandawe, imene inakhazikitsidwa mu 1881, zinatulutsa anyamata odziwa kulemba, ndipo ambiri anakagwira ukalaliki ndi ukapitawo ku Halale ndi ku Joni. Mtchona akafika pamudzi, malaya ankawapinda dala kuti wotchi ioneke.

Mawotchi enieni a nkhope yamwala anatchuka m'zaka za m'ma 1960, pamene kampani ya Piaget ku Switzerland inayamba kucheka lapis lazuli, jade ndi malachite mopyapyala kwambiri n'kuyala pansi pa mivi. Rolex nayo inatulutsa ena a onyx ndi tiger's eye. Mwala wotere suchedwa kusweka pouboola, n'chifukwa chake mtengo unali wa anthu olemera okhaokha. Chowawa n'chakuti tiger's eye amakumbidwa ku Northern Cape, malachite ku Katanga, ndipo golide wambiri wa nthawi imeneyo ankatuluka m'migodi momwe munkatsikira abale athuwo. Malipiro awo sakanafikira wotchi yotere.

Nanga miyala 17 ija? Ilimodi, koma ndi rube wopangidwa kufakitale potsata njira imene Auguste Verneuil analengeza mu 1902. Ndi ting'onoting'ono ngati njere za mawere, ndipo ntchito yake ndi kuteteza timagudumu kuti tisaperepeseke. Pamsika sigula ngakhale thumba la mpunga.

Njira ya mawotchiwa inaduka mu 1974. Pa 4 April chaka chimenecho ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu opita kumigodi, inagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi 74 anafa. Boma linaletsa kulemba anthu opita kumigodi, moti pasanathe zaka ziwiri amuna oposa 100,000 anali atabwerera kwawo ndi masutikesi, mawailesi ndi mawotchi awo. Kulemba kunayambiranso mu 1977 kudzera ku bungwe la Theba, koma opita anali ochepa, ndipo mu 1988 kunatheratu.

Nthawi yomweyo mawotchi a batire otchedwa quartz, amene Seiko inayamba kugulitsa mu 1969, anatsika mtengo n'kudzaza m'misika. Okonza mawotchi owayinda anasowa makasitomala, luso lawo n'kupita nawo. Apa ndi pamene tinataya zambiri, chifukwa wotchi yakale imene ikuyendabe imapeza wogula, pamene yotsegulidwa ndi mpeni pofuna miyala imangosanduka chitsulo. Miyala yeniyeni tili nayo ku Chimwadzulu m'boma la Ntcheu ndi ku Mzimba, koma yambiri yakhala ikutuluka m'dziko muno isanadulidwe n'komwe.