Mafumu a dothi lakuda la ku Knoxville

Knoxville ndi katauni kakang'ono m'chigawo cha Iowa ku America, ka anthu osakwana 8,000, kozunguliridwa ndi minda ya chimanga ndi soya. Miyezi yambiri ya chaka kumakhala zii. Koma Ogasiti akafika, kwa masiku anayi kuyambira Lachitatu mpaka Loweruka, anthu oposa 20,000 amadzaza mipando ya pabwalo limodzi lomwe lili m'tauni momwemo. Malo ogona amatha, moti eni nyumba ena amabwereketsa kapinga wa pakhomo kuti alendo amangepo matenti. Onsewa amabwera kudzaonera Knoxville Nationals, mpikisano wa magalimoto othamanga padothi womwe wakhala ukuchitika chaka ndi chaka kuyambira 1961. Unalephereka kamodzi kokha, mu 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19.

Bwalolo ndi lozungulira motalikirapo, ndipo kulizungulira kamodzi ndi mamita pafupifupi 800. Palibepo phula. Ndi dothi lakuda lonona, lomwe amalitipula, kulithirira madzi ndi kulitsendereza mpikisano usanayambe. Poyamba linali bwalo lothamangitsirapo akavalo pa chionetsero cha zaulimi cha m'boma la Marion, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Magalimoto anathamangapo koyamba mu 1901, koma mipikisano ya sabata ndi sabata inakhazikika mu 1954. Mpaka lero mwini bwalo ndi bungwe lomwelo loyendetsa chionetsero cha zaulimi. Mpikisano waukulu chonchi ukadali m'manja mwa anthu a m'deralo, ndipo n'chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa pa nkhani yonseyi.

Galimoto yothamanga pamenepa amaitcha sprint car. Mukaiona koyamba mungadabwe kuti yatheka bwanji kuyenda. Ili ndi mpando umodzi, matayala ali pamtetete, ndipo pamwamba pa dalaivala pali phiko lalikulu la chitsulo chopepuka lomwe mphepo imalikankhira pansi kuti matayala agwire dothi. Injini yake ndi ya malita 6.7, ya mphamvu za akavalo pafupifupi 900, pomwe galimoto yonse pamodzi ndi dalaivala imalemera makilogalamu 650 kapena kucheperapo pang'ono. Imamwa methanol. Ilibe magiya osinthasintha, ilibenso sitata, choncho kuti ilire amachita kuikankha ndi galimoto ina kumbuyo, monga timachitira ndi minibasi yomwe batire yake yafa. Tayala lakumbuyo la kudzanja lamanja ndi lalikulu kuposa la kumanzere, kuti galimotoyo izikhotera yokha kumanzere. Pokhota dalaivala amaitembenuza cham'mbali n'kumasereza, dothi likuuluka kumbuyo, ndipo bwalo lonse amalimaliza m'masekondi 15 kapena 16.

Chovuta chenicheni ndi dothilo, chifukwa silikhala chimodzimodzi usiku wonse. Madzulo limakhala lonyowa, logwira matayala. Magalimoto akadutsapo kambirimbiri limauma, pakati pamasalala n'kuyamba kuterera, ndipo dothi lokankhidwira kunja limapanga kamtumbira m'mphepete mwa mpanda. Wina amatsamiza tayala pa kamtumbirako n'kuthamanga motsata mpanda, podziwa kuti akaphonya pang'ono agudubuzika. Wina amatsika m'munsi kukasaka chinyezi chotsalira. Makaniko ayenera kulosera mmene dothi lidzakhalire pakatha ola limodzi, n'kusankha matayala, mpweya wake ndi kapendekedwe ka phiko molingana ndi zimenezo. Akalosera molakwa, ngakhale dalaivala akhale katswiri wotani, amangoona anzake akumudutsa.

Amene anayambitsa mpikisanowu ndi Marion Robinson, yemwe ankayendetsa bwaloli kuyambira m'ma 1950. Iye anaganiza zoika ndalama zambiri pa mpikisano umodzi kuti akope madalaivala a m'zigawo zakutali, ndipo mu 1961 analonjeza madola 1,000 kwa wopambana. Zinali ndalama zochuluka nthawi imeneyo. Anapambana ndi Roy Robbins, amene anafika ndi galimoto yokhala ndi phiko pamwamba, chinthu chachilendo kwa ambiri. Akuluakulu a bwalo sanachedwe kuletsa mapiko, koma mapikowo anadzakhazikika ku Nationals kuyambira 1982.

Zaka zoyambirirazo zinali za banja la Weld la ku Kansas City. Greg Weld anapambana mu 1963, ndipo mng'ono wake Kenny anatenga chikho mu 1964 ali ndi zaka 18 zokha, n'kubwerezanso mu 1965, 1972 ndi 1973. Pakati pawo panadutsa Jay Woodside, Thad Dosher, Ray Lee Goodwin, Joe Saldana ndi Jan Opperman, mnyamata wa tsitsi lalitali wokonda kulalikira za Yesu, amene pambuyo pake anakathamanga nawo ku mpikisano wa Indianapolis 500.

Dzina la 1969 ndi lomvetsa chisoni. Kenny Gritz wa ku Nebraska anapambana Nationals chaka chimenecho, koma patangopita milungu yochepa anafa pa ngozi pa mpikisano wa ku Lincoln, kwawo komweko. Malamulo a mpikisano umenewo sankalola zitsulo zotchinga dalaivala pamwamba, choncho anathamanga atazichotsa. Lero palibe angalowe m'bwalo popanda zitsulo zimenezo, ndipo pamene tikuwerenga mayina a akatswiri tisaiwale kuti malamulo ambiri a chitetezo analembedwa anthu atataya kale miyoyo.

Chaka cha 1978 chinasintha zambiri. Ted Johnson anakhazikitsa World of Outlaws, gulu la madalaivala oyendayenda m'dziko lonselo kupikisana pa mabwalo a dothi, ndipo chaka chomwecho Ralph Capitani anayamba kuyendetsa bwalo la Knoxville, ntchito yomwe anaigwira zaka zoposa 30. M'nthawi yake mpikisano unakula, ndalama zinakwera, ndipo mawayilesi a kanema anayamba kuuonetsa. Mu 1992 anatsegula nyumba yosungira mbiri ya masewerawa, National Sprint Car Hall of Fame and Museum, pafupi ndi pokhotera pachiwiri pa bwalolo.

Kayendetsedwe ka mpikisano ndi kamene kamaupatsa ulemu. Magalimoto amakwana 100 kapena kuposerapo, pomwe mpikisano womaliza wa Loweruka usiku umalowa pafupifupi 24 okha. Theka limathamanga Lachitatu, theka Lachinayi. Dalaivala amapeza mapointi pa chilichonse: pothamanga yekha molimbana ndi wotchi, kenako pa mipikisano ing'onoing'ono ya m'magulu, ndi pa mpikisano waukulu wa usiku umenewo. Koma m'magulumo amene anathamanga kwambiri pa wotchi amamuyambitsa kumbuyo kwa anzake asanu ndi awiri, kuti aonetse ngati amathadi kudutsa. Madalaivala 16 a mapointi ambiri amapita okha ku mpikisano womaliza. Otsalawo amalimbirana malo Lachisanu, kapena amakwera makwerero a Loweruka, mipikisano yotchedwa ndi zilembo kuyambira E, D, C, B mpaka kufika ku A. Kutchuka sikugula malo. Amene anapambana chaka chatha akhoza kupezeka ku C ngati injini yamukhumudwitsa Lachitatu.

Ndi malamulo ouma chonchi mungaganize kuti chaka chilichonse pazituluka dzina latsopano. Koma mndandanda wa opambana ukuonetsa zosiyana: anthu ochepa anaugwira mpikisanowu kwa zaka zambiri.

Doug Wolfgang wa ku Sioux Falls anapambana kasanu, mu 1977, 1978, 1984, 1985 ndi 1989. Akanatha kuonjezera, koma mu 1992 anapsa koopsa pa ngozi ya pabwalo lina pafupi ndi Kansas City, ndipo ngakhale anachira n'kubwerera, mphamvu zake zakale sizinabwerere. Mdani wake wamkulu pabwalo anali Steve Kinser wa ku Bloomington, Indiana, amene okonda masewerawa amangomutcha Mfumu. Kinser anatenga chikho katatu motsatizana kuyambira 1980, katatu kenanso kuyambira 1986, kenako kasanu motsatizana kuyambira 1991 mpaka 1995, n'kudzamaliza ndi cha 2002. Zonse pamodzi ndi 12, ndipo palibe wazifikira. Anakhalanso katswiri wa World of Outlaws ka 20. Mwana wake Kraig anapambana mu 2005, bambo ake akadali pampikisano.

Wachitatu pa akatswiri a nthawi imeneyo, Sammy Swindell wa ku Tennessee, Knoxville inamukana modabwitsa. Kwina konse ankapambana, koma kuno anatenga chikho kamodzi kokha, mu 1983. Mu 1990 anali patsogolo pomwe injini yake inayamba kutaya oyilo, ndipo anamudutsa Bobby Allen wa ku Pennsylvania, munthu wosauka pa masewera a anthu a ndalama, amene ankadzikonzera yekha magalimoto ndi zipangizo zotha ntchito. Allen anakakamira m'munsi mwa bwalo pomwe ena ankatsata mpanda, ndipo dothi la usiku umenewo linamuvomera. Mpaka pano okalamba a ku Knoxville akamakamba za mpikisano wokoma amayambira pa umenewu. Patapita zaka 20, mu 2010, pa mpikisano wa nambala 50, anaonjezera maulendo ozungulira bwalo kufika pa 50 ndipo wopambana ankalandira madola 150,000. Swindell, ali ndi zaka za m'ma 50, ankatsogoleranso kutatsala pang'ono kutha pomwe tayala lake linaphulika. Chikho chinapita kwa Tim Shaffer.

Danny Lasoski wa ku Missouri anapambana kanayi pakati pa 1998 ndi 2004. Kenako inafika nthawi ya Donny Schatz wa ku North Dakota. Iyeyu anayamba wamva kuwawa kokhala wachiwiri kangapo konse asanapambane mu 2006, koma atangolawa sanafunenso kusiya. Anapambana kuyambira 2006 mpaka 2009, kuyambira 2011 mpaka 2015, mu 2017, ndi mu 2022. Zimenezo ndi zikho 11. Chosaiwalika ndi cha 2013, pomwe zinamuvuta mkati mwa sabata, anadzera ku B, n'kuyamba mpikisano womaliza ali pa nambala 21. Anadutsa magalimoto 20 onse amene anali patsogolo pake. Anthu ena anatopa naye, moti ankamukuwiza akamatchulidwa dzina, koma kupambana kotero sikubwera mwamwayi.

Amene anamudula Schatz mu 2016 ndi Jason Johnson wa ku Louisiana, pa mpikisano umene awiriwa anasinthana utsogoleri mpaka kumapeto. Johnson anali ndi timu yakeyake yomwe ankayendetsa ndi mkazi wake. Mu Juni 2018 anachita ngozi pabwalo la Beaver Dam ku Wisconsin n'kumwalira. Mkazi wake sanatseke timuyo. Chaka chotsatira, mu 2019, David Gravel anakwera galimoto ya timu yomweyo, ya nambala 41, n'kupambana Nationals. Sindidziwa nkhani ina pa mndandanda wonsewu yogwira mtima kuposa imeneyi.

Posachedwapa dzina lomwe lamveka kwambiri ndi la Kyle Larson wa ku California, wopambana mu 2021, 2023 ndi 2024. Larson ndi katswiri wa NASCAR, mpikisano wa paphula wa ndalama zambiri, ndipo mu 2021 anatenga ukatswiri wa kumeneko ndi chikho cha Knoxville chaka chimodzi. Munthu amene sakusowa kanthu amabwererabe ku dothi kumene anakulira, ndipo zimenezi zakokera achinyamata ambiri ku masewerawa. Ochokera kunja nawonso amabwera, makamaka a ku Australia monga Kerry Madsen ndi James McFadden, popeza kwawoko sprint car ili ndi otsatira ambiri.

Okonda masewerawa sagwirizana kuti wamkulu ndani pakati pa Kinser ndi Schatz. A mbali ya Kinser amaloza nambala 12, ndi kuti ankalimbana ndi Wolfgang ndi Swindell onse ali pachimake. A mbali ya Schatz amati m'nthawi yake magalimoto ndi mainjini anafanana kwambiri, moti kusiya anzako kumbuyo kunavuta kuposa kale. Mbali zonse zili ndi mfundo. Koma pali munthu wina amene mkanganowu umamudumpha chifukwa ntchito yake inali ya masipanala: Karl Kinser, makaniko komanso mwini galimoto, wa ku Indiana komweko. Galimoto yake inapambana mu 1974 akuyendetsa Dick Gaines. Zikho khumi zoyamba za Steve Kinser, kuyambira 1980 mpaka 1994, zinabwera ndi magalimoto okonzedwa ndi Karl. Awiriwa atasiyana, Karl anaika pampando mwana wake Mark Kinser, amene anapambana mu 1996, 1999 ndi 2000. Madalaivala atatu osiyana, magalimoto opanda phiko ndi a phiko omwe, kwa zaka 26, koma manja okonza ndi omwewo.

Mukawerengera, zikho za Karl Kinser ndi 14. Pa mpikisano umene dothi limasintha ola lililonse, ndipo wolidziwa bwino ndiye amapambana, ine ukulu ndikuupereka kwa iyeyu.