Zipolopolo za ku Makanga: mtovu ukasowa, chitsulo chinkalowa m'malo

Ufumu wa Makanga, kumpoto kwa Tete, unakula ndi mfuti. Unachokera ku banja la Gonçalo Caetano Pereira, wotchedwa Dombo Dombo, Mgoa amene anafika m'chigwa cha Zambezi m'zaka za m'ma 1700 kudzafuna golide. Zidzukulu zake zinamanga linga ku Muchena, n'kusonkhanitsa Achikunda oti azipha njovu, kugwira akapolo ndi kumenya nkhondo.

Koma mfuti ya gogodela inkafuna onga ndi chipolopolo, ndipo zonsezi zinkachokera kutali. Amalonda ankakwera nazo mtsinje kuchoka ku Quelimane, kudzera ku Sena mpaka ku Tete, n'kusinthanitsa ndi minyanga ya njovu komanso anthu. Mtovu unali wofunika chifukwa umasungunuka pa madigiri 327 okha, moti mlenje ankatha kuumba zipolopolo zake pamoto wa nkhuni. Umalemeranso kuposa chitsulo, ndiye chipolopolo chake chimafika patali chikadali ndi mphamvu.

Njira ya kumtsinje ikatsekeka chifukwa cha nkhondo, anthu ankathamangira kwa osula. Dziko la Amaravi linali ndi ng'anjo zambiri. António Gamitto, amene anadutsako mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za luso lawo loyenga chitsulo, ndipo makasu awo ankagulitsidwa mpaka ku Tete. M'madera ambiri a chigawo chino, mmisiri wosula makasu yemweyo ankadula chitsulo tizidutswa n'kutisula kuti tilowe mumfuti. Zipolopolo zoterezi zinkapala mkati mwa mfuti ndipo zinkaphonya kawirikawiri, komabe pafupi zinkapha. Ntchito ya amisiriwa siitchulidwa mokwanira m'mbiri ya nkhondo za m'chigwachi, pamene inali yaikulu ndithu.

Kumapiri a kum'mawa, kumene lero kuli Tsangano ndi Angónia, Angoni a kwa Maseko ankadalira kwambiri nthungo ndi zishango, zida zosadikira ngalawa ya wamalonda.

Mu 1890 mayiko a ku Ulaya anasainirana pangano ku Brussels lochepetsa kugulitsa mfuti zamakono ndi onga kwa anthu a mu Africa. Asilikali a atsamunda anabwera ndi mfuti zothira zipolopolo kumbuyo, zowombera mwachangu. Mu 1902 Apwitikizi anagonjetsa Chinsinga, wolamulira womaliza wa Makanga.

Chaka chomwecho miyala ya mtovu inapezeka ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe ku Zambia. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likudwalitsabe ana. Poizoni yemweyu amaphanso miimba imene imadya nyama yowomberedwa, n'chifukwa chake California inaletsa zipolopolo za mtovu pa ulenje wonse mu 2019, ndipo alenje kumeneko amagwiritsa ntchito za mkuwa ndi za chitsulo.