Mchira wa pikoko ndi mawu akuti aesthetics

Alexander Baumgarten ndiye anayambitsa mawu akuti aesthetics mu 1735, kuchokera ku Chigiriki aisthesis, kumva ndi thupi, monga "kumva" kwathuku kumene kumagwira khutu, mphuno ndi khungu lomwe. Komabe anzeru ambiri ankati kuzindikira kukongola n'kwa munthu yekha.

Charles Darwin zinamuvuta. Mu 1860 analembera Asa Gray kuti akangoona nthenga ya pikoko amachita kudwala nayo. Chimchira cholemera chotere chingathandize bwanji pothawa adani? Yankho analipereka mu 1871: thadzi ndilo limasankha tambala, ndipo limatsata wokongola. Ndiye kuti mbalame nayonso "imamva". Mnzake Alfred Russel Wallace anakanitsitsa, ati thadzi silingakhale ndi diso lotero. Apa mkuluyu analiderera thadzi.