Chico: Dzina la Ntchentche Yosakula

Kantchentche kamene kamaunjirira nthochi zakupsa kali ndi dzina lalitali kuposa thupi lake: Drosophila melanogaster. Dzinali ndi la Chigiriki. Drosos ndi mame, philos ndi wokonda, melas ndi chakuda, ndipo gaster ndi mimba. Tikawalumikiza, tikupeza “wokonda mame, wa mimba yakuda.” Komatu mphutsi zake sizikulira mame. Zimakulira yisiti amene amaswana pa chipatso chowola, poti mmenemo ndimo muli mapuloteni.

Mawu akuti puloteni nawonso ndi ochokera ku Chigiriki, ku proteios, kutanthauza chotsogola. Anawapereka ndi Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden mu 1838. Ife timati zakudya zomanga thupi, ndipo mneni woti kumanga akulozeratu ntchito yake. Mphutsi ikaperewedwa yisiti imachedwa kukhwima, n’kudzasanduka ntchentche yopinimbira.

Koma pali ina imene imapinimbira chakudya chili mbwee. Mu 1999, Ernst Hafen ndi anzake a pa yunivesite ya Zurich anafotokoza za ntchentche zimene jini yake imodzi inawonongeka. Zotere amazitchula kuti mutant, kuchokera ku mutare, liwu la Chilatini lotanthauza kusintha. Jiniyo anaipatsa dzina loti chico, lomwe m’Chisipanishi ndi kamnyamata kapena kanthu kakang’ono. Dzinali linakhala, chifukwa ntchentchezi sizifika ndi theka lomwe la zinzake. Maselo ake ndi ochepa komanso aang’ono, pamene mafuta m’thupi ndi ochuluka mopitirira.

Chimachitika n’chiyani? Mphutsi ikadya bwino, ubongo wake umatulutsa timadzi tofanana ndi insulini, touza maselo kuti chakudya chilipo, akule. Ntchito ya chico ndi kulowetsa uthengawo m’kati mwa selo. Jiniyi ikawonongeka, mthenga amafika pakhomo koma wopereka mawu kwa eni nyumba palibe. Maselo amangokhala ngati kunja kuli njala.

Njira ya uthenga imeneyi ilinso m’matupi athu, n’chifukwa chake kantchentche aka sikoyenera kukapeputsa. Kakutiphunzitsa kuti kukula kumafuna zinthu ziwiri: chakudya chomanga thupi, ndi thupi lotha kumva kuti chakudyacho chafika. Chimodzi chikasowa, chinzakecho pachokha sichikuza.