Mbiri ya Msika wa Zithunzi Zojambuliratu

Munthu akatsegula magazini n'kuona dokotala akumwetulira, kapena akadutsa pa chikwangwani cha banki chimene pali banja lokondwa litakhala pa sofa, amaganiza kuti kampaniyo inatuma wojambula kukajambula anthuwo. Kawirikawiri sizikhala choncho. Chithunzicho chinajambulidwa kalekale, mwina kudziko lina, ndi munthu amene sankadziwa n'komwe kuti adzachigula ndani. Anachisiya m'nkhokwe ya zithunzi, ndipo aliyense wochifuna amalipira chilolezo chochigwiritsa ntchito, chithunzicho n'kukhalabe cha mwini wake. Masiku ano achinyamata ambiri okhala ndi kamera kapena foni yabwino amamva kuti pamenepa pali ndalama, bola kukhala ndi intaneti. Ndalamazo zilipo ndithu, koma kuti munthu adziwe kuti ndi zingati komanso zimathera m'thumba mwa yani, ayenera kuimva nkhaniyi kuyambira pachiyambi, ndipo chiyambicho chili kutali, zaka zoposa 100 zapitazo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, osindikiza anapeza njira yoika zithunzi zenizeni m'nyuzipepala m'malo mwa zojambula pamanja. Njala ya zithunzi inakula msanga, koma kutuma wojambula pa nkhani iliyonse kunali kodula. M'chaka cha 1920, mumzinda wa Philadelphia ku America, H. Armstrong Roberts anatsegula imodzi mwa makampani oyambirira ogulitsa zithunzi zojambuliratu. Iye amakumbukiridwa pa chinthu china chimene chimaoneka chaching'ono: ankasainitsa anthu amene wawajambula pepala lovomereza kuti nkhope zawo zigwiritsidwe ntchito pa malonda. Pepala limenelo lidakali msana wa bizinesi yonseyi mpaka lero. Popanda ilo, chithunzi cha munthu wozindikirika nkhope sichingaikidwe pa chikwangwani chotsatsa sopo kapena inshuwalansi.

Munthu wachiwiri wofunika m'mbiriyi sanali wojambula n'komwe. Otto Bettmann ankasunga mabuku akale mu laibulale ina ya boma ku Berlin, koma chipani cha Nazi chitatenga boma anachotsedwa ntchito chifukwa anali Myuda. Mu 1935 anafika ku New York ndi mabokosi awiri odzaza zithunzi zimene anakopera m'mabuku ndi m'zolemba zakale, ndipo chaka chotsatira anatsegula Bettmann Archive. Luso lake linali losanja. Chithunzi chilichonse ankachilemba pa khadi malinga ndi zimene chikuonetsa ndi zimene chingatanthauze, kotero kuti mkonzi wa magazini akaimba foni kufuna chithunzi cha mantha, cha ulesi kapena cha mankhwala akale, Bettmann ankachipeza tsiku lomwelo. Wojambula wa lero amene amakhala usiku akulemba mawu ofufuzira pansi pa chithunzi chilichonse akugwira ntchito yomweyo ya Bettmann, ndipo amadziwa kuti chithunzi chokongola chimene sichinalembedwe bwino palibe amene adzachipeze.

Funso la umwini linatenga nthawi kuti liyankhidwe. Kwa zaka zambiri, magazini ikatuma wojambula, mafilimu ake ankasanduka a magaziniyo. Mu 1947 Robert Capa, Henri Cartier-Bresson, George Rodger ndi David Seymour anayambitsa Magnum, bungwe la ojambula okhaokha, n'cholinga choti umwini wa zithunzi uzikhala m'manja mwa wozijambula. Ku America lamulo latsopano la umwini wa ntchito zaluso la 1976, limene linayamba kugwira ntchito mu 1978, linalimbitsa mfundo yomweyo kwa ojambula odziimira paokha. Zotsatira zake zinali zazikulu. Wojambula akatumidwa ntchito n'kujambula zithunzi 300, magazini n'kusindikiza 6, zotsalazo ankatha kuzipereka ku nkhokwe kuti zizimupezera ndalama kwa zaka zambiri.

Apa ndi pamene panayambira nyengo imene ojambula achikulire amaikumbuka ndi mtima wolakalaka. The Image Bank inatsegulidwa ku New York mu 1974, ku London kunali Tony Stone, ndipo ojambula anasiya kudalira zotsala, anayamba kujambula dala zinthu zimene otsatsa malonda adzafune: anthu ogwirana chanza mu ofesi, ana othamanga m'mphepete mwa nyanja, dzuwa likulowa. Makampaniwa ankasindikiza mabuku akuluakulu onyezimira odzaza zitsanzo n'kuwatumiza kwa makasitomala. Kasitomala akasankha, ankamutumizira masilaidi enieni m'envulopu, ndipo akataya silaidi imodzi ankatha kulipitsidwa madola 1,500. Mtengo wa chilolezo unkakambidwa pa chithunzi chilichonse. Ankafunsa kuti chikaikidwa pati, pachikuto kapena mkati, makope angati, m'mayiko angati, kwa miyezi ingati, komanso ngati wogulayo akufuna kuti opikisana naye asachigwiritse ntchito. Chithunzi chimodzi chinkatha kubweretsa madola mazanamazana, nthawi zina masauzande, ndipo kawirikawiri kampani ndi wojambula ankagawana pakati ndi pakati. Komabe chitseko chinali chopapatiza. Filimu inali yodula, kutsukitsa kunali kodula, ndipo akonzi a makampaniwa ankalandira ojambula ochepa kwambiri, pafupifupi onse a ku America ndi ku Ulaya. Mnyamata wa luso wa ku Lusaka kapena ku Blantyre analibe njira yolowera, ndipo mfundo imeneyi oikumbuka nyengoyo saitchula kawirikawiri.

Kompyuta ndiyo inayamba kugwetsa mitengo. Mu 1991 kampani ya PhotoDisc ya ku Seattle inayamba kugulitsa zithunzi zambirimbiri pa CD imodzi, ndi chilolezo cha mtundu wina chotchedwa royalty-free: ulipire kamodzi, ugwiritse ntchito kangapo konse ungafune. Ojambula ambiri anakwiya, ena anakana kutenga nawo mbali, koma ogula anakondwa. Nthawi yomweyo anthu a ndalama zambiri anazindikira kuti amene adzakhale ndi nkhokwe yaikulu ndiye adzalamulire msika. Bill Gates anali atayambitsa kampani mu 1989 imene inadzatchedwa Corbis, ndipo mu 1995 inagula Bettmann Archive, imene panthawiyo inali ndi zithunzi mamiliyoni. Pambuyo pake anazisamutsira mumgodi wakale wa miyala ya laimu ku Pennsylvania, pansi pa nthaka pozizira, kuti mafilimuwo asawonongeke. M'chaka chomwecho cha 1995, Mark Getty, mdzukulu wa mpondamatiki wa mafuta J. Paul Getty, pamodzi ndi Jonathan Klein anagula Tony Stone Images. Anapitiriza kugula: nkhokwe ya Hulton ya ku London, kenako kuphatikizana ndi PhotoDisc n'kukhala Getty Images, kenako The Image Bank mu 1999.

Chithunzi chimodzi cha m'zaka zimenezo pafupifupi aliyense amene anagwirapo kompyuta anachiona. Mu 1996 Charles O'Rear anaimitsa galimoto m'dera la Sonoma ku California n'kujambula kaphiri kobiriwira ndi mitambo pamwamba pake. Anachipereka ku kampani ya Westlight, imene Corbis inadzagula, ndipo Microsoft inachisankha kukhala nkhope ya Windows XP. Mtengo umene anagwirizana sunaululidwe, koma unali waukulu moti makampani onyamula katundu anakana kutenga filimuyo, O'Rear n'kukwera ndege kukaipereka yekha. Nkhani ngati imeneyi ndi imene imakopa anthu kulowa m'malondawa, ngakhale inachitika pamsika umene lero kulibenso.

Msika watsopano umene unagwetsa wakalewo unayamba ngati masewera. Mu 2000, Bruce Livingstone wa ku Calgary m'dziko la Canada anatsegula iStockphoto, malo a pa intaneti pamene okonza zotsatsa ankasinthana zithunzi kwaulere. Bilu yosungira zithunzizo itakula, anayamba kulipiritsa masenti 25 pa chithunzi, wojambula n'kumalandira masenti 5. Mu 2003 Canon inatulutsa kamera ya digito yosintha magalasi ya mtengo wosafika madola 1,000, ndipo m'chaka chomwecho Jon Oringer wa ku New York anagula kamera, n'kujambula yekha zithunzi pafupifupi 30,000, n'kutsegula Shutterstock, kumene munthu ankalipira madola 49 pamwezi n'kumatenga zithunzi zimene akufuna. Fotolia ndi Dreamstime zinatsatira. Chitseko chija chinatseguka kwa mphunzitsi, namwino, wophunzira, aliyense wokhala ndi kamera ndi intaneti, kaya ali ku Ukraine kaya ku Thailand.

Mtolankhani Jeff Howe analemba m'magazini ya Wired mu 2006 nkhani imene imaonetsa bwino mmene zinthu zinatembenukira. Mayi wina wogwira ntchito ku National Health Museum ku Washington ankafuna zithunzi za anthu odwala. Wojambula Mark Harmel anamutsitsira mtengo kufika pakati pa madola 100 ndi 150 pa chithunzi, poona kuti bungwelo silinali lochita malonda. Asanamalize kugwirizana, mayiyo anapeza iStockphoto n'kugula zithunzi 56, chilichonse pafupifupi dola imodzi. Harmel sanalakwitse kalikonse, ndipo zithunzi zake sizinali zoipa. Anangopezeka akupikisana ndi khamu la anthu amene kwa iwo dola imodzi inali ya bonasi, chifukwa lendi ankalipira ndi malipiro a ntchito zina. M'chaka chomwecho Getty Images inagula iStockphoto pa madola 50 miliyoni.

Zaka zoyambirira za msika watsopanowu zinali zokoma kwa amene analowa msanga. Zithunzi zinali zochepa, ogula ankachuluka mwezi ndi mwezi, ndipo masenti aja ankaunjikana. Yuri Arcurs wa ku Denmark anayamba akadali wophunzira wa payunivesite n'kufika pokhala mmodzi mwa ogulitsa kwambiri padziko lonse, ali ndi antchito ambirimbiri komanso situdiyo ku Cape Town. Koma taonani kuti amene anapambana motere anali atasiya kukhala wojambula wamba, anali atasanduka fakitale yolemba anthu ojambulidwa, okonza zovala ndi okonza zithunzi pakompyuta. Ndipo ndalama zazikulu zenizeni zinapita kwa eni nkhokwe. Shutterstock inalowa pamsika wa masheya wa New York mu 2012, Oringer n'kukhala biliyoneya. Adobe inagula Fotolia pa madola 800 miliyoni n'kutsegula Adobe Stock mu 2015. Mu 2016 zithunzi za Corbis, kuphatikizapo mabokosi a Bettmann aja, zinagulitsidwa ku Visual China Group, Getty n'kutenga udindo wozigulitsa kunja kwa China.

Wojambula wamba gawo lake linkachepa nkhokwe zikamakula. iStockphoto inatsitsa malipiro a amene sanadzipereke kwa iyo yokha kufika pa 15 peresenti. Pofika 2020 Shutterstock inali ndi zithunzi zoposa 300 miliyoni, ndipo mu June chaka chimenecho, mliri wa Covid-19 uli pakati, inasintha kalipiridwe: gawo la wojambula linakhala pakati pa 15 ndi 40 peresenti malinga ndi kuchuluka kwa zimene wagulitsa m'chakacho, malipiro otsikitsitsa n'kukhala masenti 10 pa chithunzi, ndipo pa 1 January chaka chilichonse aliyense n'kumabwerera pansi kukayambiranso. Ojambula ambiri anachotsa zithunzi zawo pokwiya, koma nkhokweyo sinaphwe. Ine ndimaona kuti kumubweza munthu pansi chaka chilichonse, pamene zithunzi zake zakale zikupitiriza kupindulitsa kampani, n'kumudyera masuku pamutu. Kumbali ina kunabwera malo opereka zithunzi zaulere: Unsplash inayamba ku Montreal mu 2013 ndi zithunzi 10 zokha, Getty n'kudzaigula mu 2021, pamene Canva inagula Pexels ndi Pixabay mu 2019.

Kenako kunafika mapulogalamu a AI opanga chithunzi kuchokera pa mawu olembedwa, amene anaphunzitsidwa ndi zithunzi mamiliyoni za ojambula omwewa. Mu 2023 Getty inasumira Stability AI ku London ndi ku America, ponena kuti inatenga zithunzi zake zoposa 12 miliyoni popanda chilolezo. Shutterstock inasankha kugwirizana ndi OpenAI n'kukhazikitsa thumba lopatsako ojambula kangachepe, ndipo Adobe inaphunzitsa pulogalamu yake ya Firefly ndi zithunzi za mu Adobe Stock. Mu January 2025 Getty Images ndi Shutterstock analengeza kuti akufuna kuphatikizana kukhala kampani imodzi ya madola pafupifupi 3.7 biliyoni.

Chimene makina sangapange ndi umboni woti chinthu chinachitikadi pamalo penipeni. Munthu akalemba dzina la Malawi kapena Zambia m'nkhokwe zikuluzikuluzi amapeza nyanja, njovu, mathithi ndi ana osauka, zambiri zojambulidwa ndi alendo odutsa. Zithunzi za wantchito wa m'banki ku Lilongwe, za kabaza m'mawa, za chinkhoswe kapena za mlimi akulandira ndalama pafoni n'zochepa poyerekeza ndi zimenezo, ndipo kusowa kotereku n'kumene kunabala ntchito ngati Everyday Africa, imene Peter DiCampo ndi Austin Merrill anayamba mu 2012. Mpata uli pamenepo, ngakhale si wolemeretsa munthu msanga, ndipo wa kudziko lopanda pangano la misonkho ndi America, monga Malawi, amadulidwanso 30 peresenti pa zimene agula makasitomala a ku America.

Inu amene mukufuna kuyesa, werengani mgwirizano wonse musanatumize chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo musasaine pepala lililonse lokulandani umwini wa zithunzi zanu. Amene mukuwajambula, kaya ndi agogo a kumudzi kaya ndi mnzanu wa kuntchito, auzeni m'chilankhulo chimene amamva kuti nkhope yawo ingadzaoneke pa chikwangwani m'dziko lililonse, kwa zaka zambiri, ndipo asaine pokhapokha atamvetsa zimenezo.